A Chindunji ndi foni ya m'beseni

Senderani kuno, abale anga. Amene muli pakhomo lowani, amene mwatsala ndi khutu limodzi labwino mulilozetse kwa ine. Sabata yathayi ndakumana ndi munthu wa mtundu umene sindinauonepo chibadwire, ndipo mpaka lero ndikumutembenuza m'mutu ngati chimanga chootcha, osadziwa ngati chapsa kapena chapserera.

Mukudziwa kuti ine cholembera sindichigwira. Lolemba lililonse ndimakwera kombi, kaminibasi kathu kaja, kupita ku Paulington, ku chinyumba chija ankasungiramo matabwa kale, kumene tsopano kuli nyuzipepala ino ndi kawailesi kake komvera pa foni. Ndimakhala pansi, ndiyankhula, wina n'kumalemba. Komweko amagwirako ntchito mwana wanga Esinati. Iye ndi amene amawerenga mauthenga a Chinyanja Lachinayi masana: wamwalira ndani, wagonekedwa m'chipatala ndani, ndani akufunafuna mlongo wake amene anasiyana naye nthawi ija mapulazi ankalandidwa.

Tsono kampaniyi inagulidwa ndi mnyamata wina amene analemera ndi tizinthu ta m'mafoni, tija mumadina ndi chala. Ndikuti mnyamata chifukwa msinkhu wake ndi wa chitsirizira wanga. Tayi savala. Amabwera ndi sikipa ndi nsapato zothamangira, ngati akupita ku mpira. Antchito anamupatsa dzina lakuti a Chindunji, poti mawu ake sakhota. Atangofika anachotsa mipando m'chipinda cha misonkhano, akuti munthu woimirira sanena zambiri. Pakhoma anapachikapo chikanema chachikulu chokhala ndi mizere yokwera ndi yotsika, yosonyeza kuchuluka kwa mafoni amene atsegula nkhani iliyonse.

Lolemba ndinafika msonkhano uli m'kati, ndiye ndinatsamira pa chitseko. A Chindunji sanapereke moni kwa aliyense, ngakhale kwa ine waimvi. Analoza mzere wa nkhani za mpira, uli m'mwamba. Analoza wa miseche ya oyimba, uli m'mwambamwamba. Kenako chala chinatsika mpaka pansi, pa kamzere kogona ngati njoka yopondedwa ndi thirakitala. Anati ameneyo ndi pulogalamu ya mauthenga a Chinyanja, yafa kale, ndipo Lachinayi likubwerali ndi lomaliza.

Atatero anayang'ana Esinati m'maso.

"Alipo amene akuti ndikulakwa? Anene pompano."

Mwana wanga anaweramitsa mutu, manja anawagwirizanitsa kutsogolo, n'kuyankha motsitsa kuti wamva. Bwana anati chabwino, tipite ku nkhani ina.

Ndikuuzeni zoona? Poyamba mtima wanga unanyada. Ndinati taonani mwana woleredwa, sayankha wamkulu pagulu. Ndinali nditakwera kale kombi yobwerera pamene zinandilowa bwino kuti ulemu umene ndinamuphunzitsa ine ndi umene wangotseka pulogalamu.

Ife tinakulira pa komboni ya pulazi ya nthochi ku Burma Valley. Bambo anga anachokera ku Ntcheu wapansi. Aphunzitsi athu anali awiri. Woyamba anali akuluakulu a kwathu, amene ankati kukana nsalu ya akulu n'kuviika: wamkulu sumukanira pamaso, umavomera kaye, kenako nkhaniyo umaizungulitsa kuseri. Wachiwiri anali kapitawo wa mzungu, amene ankatikumbutsa kuti munthu wopanda mudzi wobwererako asamakweze mawu. Aphunzitsi awiriwa anagwirizana, ndipo ine ndinakhoza bwino sukulu yawo. Ana anga onse ndinawapatsira.

Ndiye kuseri kuja tinapitadi. Ku nyuzipepala kuli mkonzi wakale, Mmanyika wofatsa, wa mtundu wa eni dera lino, amene tonse timangomutcha Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona. Esinati anamupempha kuti akhale nkhoswa. Lachiwiri madzulo Sekuru anavala jekete, ananyamula nkhuku yanga yathadzi m'dengu, n'kukwera mtunda wa ku Murambi kumene bwana amakhala.

Sanalowe n'komwe m'nyumba. A Chindunji anatulukira pa geti, anasuzumira m'dengu, n'kufunsa ngati nkhukuyo ndi imene ili ndi dandaulo. Anati mwini nkhani ali ndi pakamwa pake, ndipo iye sakamba za ntchito ndi munthu wotumidwa. Sekuru anatsika mtunda ndi nkhuku ija, thukuta lili kamukamu, akung'ung'udza kuti zaka zonse zimene wagwira ntchito sanabwezedwepo pa geti ngati wogulitsa matsache.

Lachitatu ndinapita ndekha. Musaganize kuti kunali kulimba mtima. Ndinkangofuna kuona pafupi kuti mwana wotereyu amapuma bwanji, ndipo anamulera ndani.

Ofesi yake ilibe chitseko, anachichotsanso. Ndinamupatsa moni, anayankha maso ali pa foni. Ndinabwereza. Kachitatu anaika foni pansi, n'kundiuza kuti ali ndi mphindi zisanu zokha. Ndinati zikwana. Ndinamufunsa kuti chikanema chake chija chimawerenga chiyani. Anati mafoni. Ndinafunsa ngati chimawerenganso makutu. Anati foni imodzi ndi munthu mmodzi, palibe kusiyana.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuuza kuti mawa masana abwere ku Sakubva, kuseri kwa nyumba ya mai Nabanda, kumene sosayiti yathu ya maliro imakumana.

"Gogo, mukanditayitsa nthawi ndidzakuuzani pamaso pa anthu anu omwewo."

"Inunso, mwana wanga, mukadzapezeka kuti mwalakwa mudzanene pomwepo."

Anavomera kuti zimenezo n'zachilungamo.

Anabweradi. Galimoto anaisiya kumsewu, analowa pabwalo akudumpha matope. Anapeza anthu adzaza, ena pa mikeka, ena pa njerwa, ena atatsamira mpanda. Amayi a ku Odzi anali akusenda mtedza. Madala awiri a ku Penhalonga anali akukangana za fodya. Pakati pa bwalo panali beseni lachitsulo, loyera, lokhala ndi zipsera m'mphepete. Nthawi itakwana mlembi wa sosayiti anatulutsa foni yake, imodzi yokhayo, n'kuigoneka m'beseni muja kuti mawu akule. Ambiri a ife mafoni athu ndi timbudzi, timafoni totchipa tongoimbira, ndipo ena alibiretu.

Mawu a Esinati anatuluka m'beseni, bwalo lonse linati zii.

Kwa amene simunakhalepo, mauthenga athu samveredwa ngati nyimbo. Dzina likatchulidwa, anthu amayang'anana. Wina amati ameneyo ndikumudziwa, mlamu wake amagulitsa tomato ku Watsomba. Wina amati mawa ndimutuma kondakitala wa kombi. Uthenga umatuluka m'beseni n'kuyenda ndi miyendo mpaka kumene kulibe netiweki.

Tsiku limenelo munali uthenga wa mdala wina amene anamwalira m'chipatala popanda womudziwa, thupi lake lili kudikira abale. Esinati anatchula dzina, anatchula mfunda, anatchula mudzi wa makolo ake ku Dedza, kenako mapulazi atatu amene anagwirako ntchito, imodzi ndi imodzi. Atafika pa pulazi yachitatu, mai Nabanda anagwetsa lichero. Anati amenewo ndi amalume a mnyamata uja Filipo, amene amakhoma zidebe ku Dangamvura, ndipo Filipoyo wakhala akuwafunafuna chichokereni pa pulazi. Pulogalamu isanathe, munthu anali atanyamuka kale kukamuuza Filipo.

A Chindunji nthawi yonseyi anali chiimire. Kenako anayamba kutiwerenga ndi chala, mmodzimmodzi, ngati mbuzi zolowa m'khola. Amayi ena anadziphimba kumaso, wina ananong'ona kuti mwana uyu atilodza. Atamaliza anatembenukira kwa ine, anthu onse akumva.

"Ndinalakwa kuwerenga, gogo."

Basi. Mawuwo anawanena ngati munthu wopempha madzi akumwa, wopanda manyazi, wopanda kuzungulira. Apa ndi pamene ndinadabwa koposa. Mzungu wa pa pulazi sindinamumvepo akunena mawu amenewo. Kapitawo ayi. Malemu amuna anga, Mulungu awasunge, ankalolera kugula shuga wa makilo awiri kusiyana n'kuwatchula. Kodi munthu yemweyo wosapereka moni angakhalenso wodziwa kuvomera kulakwa? Zinthu ziwirizi zimamera pa mtengo umodzi?

Musafulumire kumuombera m'manja. Lachisanu anaitanitsanso msonkhano, ndipo ine ndinapezeka pa chitseko changa chija, poti nkhani ukaiyamba uyenera kuiona mathero. Anati pulogalamu ikhala, koma ndi yaitali mopanda nzeru. Mifunda, midzi ya ku Malawi ndi mayina a mapulazi zichotsedwe. Dzina la womwalira ndi tsiku loika maliro n'zokwanira. Anafunsanso funso lake lija, ngati alipo wotsutsa.

Ndinaona mutu wa Esinati ukuyamba kutsika. Unatsika pang'ono, kenako unaima.

"Shefu, a Phiri ndi a Banda alipo ambiri ngati mchenga. Dzina lokha silipeza munthu. Mdala wa dzulo anadziwika ndi pulazi yachitatu, osati ndi dzina. Mukachotsa zimenezo, bola mungotseka."

Mutu wake sunatsikenso. Bwana anafunsa mafunso awiri atatu, anagwedeza mutu, n'kunena kuti zikhale momwe zinalili. Kenako anamufunsa chifukwa chimene sananenere zonsezi Lolemba, m'malo motumiza nkhuku.  Esinati anangotembenuka n'kuyang'ana kuchitseko, ndipo chipinda chonse chinayang'ana komweko.

Ndinakonza duku langa ngati lamasuka.

Anzathu Achishona amati mwana wosalira amafera mu mbereko. Ife timati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Zonsezi ndi zoona, koma kalumo kakuthwa kamameta, kamachekanso khutu. Pa kampani yomweyi panali mayi wina amene analemba nkhani za ulimi zaka zambiri. Bwana anamuuza pagulu kuti zolemba zake zimagonetsa tulo. Mwina zinali zoona, ine sindiwerenga. Koma mayiyo anatenga chikwama chake tsiku lomwelo, sanabwerenso. Iye analibe gogo wopanda manyazi womuitanira bwana kumunda kuti akaone amene amamva nkhani zake. Alimi angati akudikira uphungu wake mpaka lero? Chikanema chingatiuze?

Sekuru akundiuza kuti matendawa afalikira. Akuti nyuzipepala ndi mawailesi ena nawonso apachika zikanema zawo, ndipo timabwana tating'ono tayamba kuvala masikipa ndi kukalipa, poganiza kuti mwano ndiwo unalemeretsa mnzawo. Atengera kusapereka moni, atengera kuchotsa mipando. Chimene sanatengere ndi kuyenda m'matope a ku Sakubva kukaona ngati alakwa. Kukalipa n'kosavuta, ngakhale tsekwe amatha.

Ndipo chikundizunguza mutu ndi ichi. Kale nkhani inkasankhidwa ndi mkonzi, munthu amene ungamupeze pa maliro n'kumudandaulira. Tsopano ikusankhidwa ndi mzere wa pakhoma. Mzerewo sunama, koma umaona okhawo amene ali ndi foni yodula ndi chala chodina. Agogo a m'makomboni, anthu osenda mtedza, onse omvera m'beseni, kwa mzerewo kulibe. Nanga tikasowa pakhoma, n'kukhalanso chete pa msonkhano, adzatidziwa bwanji kuti tilipo? Tidzamuimba mlandu mlendo chifukwa chosamva zimene sitinanene?

Tsono mumve kumene aliyense wathera. Mdala uja anaikidwa Loweruka, Filipo ataimirira kumutu kwa manda, ndipo nyimbo zinali za Chinyanja. Sekuru akadali pa ntchito, koma walumbira kuti unkhoswa wausiya, aliyense azidzinenera. Mayi wa nkhani za ulimi ndamva kuti akuweta nkhuku ku Florida, dera lina la m'tauni yathu ino, ndipo dzina la bwana safuna kulimva. A Chindunji apita ku Harare kukagula kampani ina. Asanapite anauza Esinati kuti pulogalamu aionanso mvula ikadzagwa, ndipo ikadzafooka adzamuuza pamaso.

Esinati ndiye wandisowetsa mtendere. Lamulungu pa msonkhano wa sosayiti, tcheyamani wathu, mdala wa zaka zoposa zanga, anagamula kuti amayi azikhala panja pokambirana za malo a manda, monga mwa kale. Mwana wanga anaimirira, anawomba m'manja mwaulemu, n'kuwauza pamaso kuti akulakwa, poti amayi ndi amene amadziwa kumene aliyense anachokera. Bwalo linazizira. Madala onse anatembenukira kwa ine, kudikira kuti ndimukhazike pansi mwana wanga.

Ndinatsegula pakamwa, koma sindinadziwe ngati mutuluka chidzudzulo kapena nthungululu, ndiye ndinatsekanso. Inu mukanakhala pa mkeka pangapo, mukanatulutsa chiti?