Mpeni Wonunkha Vitumbuwa

Fungo la mafuta ophikira okhalitsa limandibwezera ku Kasisi, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinayamba sekondale. Mafutawo tinkawatcha saladi, ndipo ankasowa. Amai ankapita ku Lusaka, kuima pamzere tsiku lonse anyamata a Chipani akukankha anthu, n'kubwera ndi botolo limodzi. Botololo ankalimanga ulusi pamene saladi yalekezera, n'kuliika pamwamba pa kabati.

Chaka chomwecho atate anapatsidwa mpeni wopinda ndi wansembe wachizungu amene ankabwerera kwawo. Atate ankati mpeniwo unakwera mapiri a ku Ulaya, sungathyoke, sungachite dzimbiri, udzafika kwa zidzukulu. Koma sankadulira kanthu. Nzimbe ankasenda ndi mano. Chingwe ankadula ndi mpeni wa amai, umene chigwiriro chake chinali mphira wa chubu cha njinga.

Ndiye saladi inayamba kutsika pansi pa ulusi. Amai anatiyang'ana miyendo tonse. Ya azing'ono anga inali mbuu, yanga yokha ikuwala, poti ndinkaikhula ndi mwala monga ayenera mtsikana wa sekondale. "Agnesi, saladi yanga ndiye yakhala yodzola?" Ndinakana mpaka misozi, koma azing'ono anga anali atandipatsa kale dzina: Miyendo ya Saladi. Linafika kuchitsime, linafika kukwaya. Ndinadziwa kuti likafika kusukulu ndidzafa nalo.

Lamlungu lina titachoka ku Misa ndinapeza atate kuseri kwa nkhokwe, nthenga ya nkhuku m'manja, akudonthezera saladi popindikira mpeni. "Sunaone kanthu, mwana wanga," ananong'ona. "Chitsulo nacho chimadya." Kuneneza atate sindikanatha. Ndinangopemphera kuti choonadi chidzibweretse chokha.

Chinabwera mu Ogasiti, pamene akhristu a m'dera lathu anapita kumapiri kukasenda luzi lomangira denga la kachalichi kathu. Tinayenda m'tchire lopsa, phulusa likulowa m'mphuno, minga ikukola zitenje. Njira yonse atate ankalengeza kuti lero anthu aona mpeni. Titafika pamtengo woyamba anautulutsa m'thumba, naika chikhadabo pakamzere kotsegulira, nakoka. Mpeni unakana. Saladi ya miyezi yonse ija inali itagwirana ndi fumbi ndi zinyenyeswa za fodya wa m'thumba, n'kusanduka ulimbo. Anayesa ndi mano. Anaugogoda pamwala. Palibe.

"Mulamu, uyu ni mpeni wa ansembe," anatero amalume Fabiano, mlongo wawo wa amai. "Chinyanja sukumva. Uuzeni mu Chilatini!"

Anthu anagwira nthiti. Amai anaulanda kuti autsegule ndi nsonga ya mpeni wawo, koma anaima, naufikitsa pamphuno. Ananunkhiza kawiri.

"Atate ake Agnesi, uyu mpeni ununkha vitumbuwa."

"Nenze kudontheza chabe pang'ono," anatero atate, maso ali pansi.

"Pang'ono? Ine niima pamzere mpaka miyendo kutupa, mwana alira, kansi wakudya ali m'thumba mwanu!"

Atate anavula chipewa pamaso pa anthu onse, nandipepesa ngati ndine munthu wamkulu. Dzina lija linachoka pa ine tsiku lomwelo, n'kusamukira kwa iwo: mpaka ukalamba wawo amalume ankawatcha a Vitumbuwa. Luzi lonse linasendedwa ndi mpeni wa amai, ukuyenda dzanja ndi dzanja.

Nditafika kunyumba ndinalemba m'kabuku kanga kuti choonadi chapambana, ndiponso kuti mpeni wa atate ndi wolimbadi, poti ngakhale mwala sunauphwanye. Sindinaname. Mpeniwo ulipo mpaka lero kwa mlongo wanga, ndipo atauviika m'parafini unatseguka uli wonyezimira ngati watsopano. Wa amai unanoledwa mpaka kuwonda ngati tsamba la bango, kenaka unatha. Ndili mwana ndinkati wolimba ndi umene watsala. Tsopano ndimaona kuti wa atate unafika kwa zidzukulu chifukwa wa amai ndiwo unkapita kuntchito.