Mkate Womwe Ndinalandirira pa Mtondo

Amuna anga ankagula usipa ndi chambo chowamba kwa asodzi a ku Chia n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Ankapita kawiri pa mwezi. Ine ndinkalima mpunga kudambo, ndipo kutchalitchi ntchito yanga inali yochapa nsalu za paguwa ndi kutsuka chikho cha mgonero. Ndinaigwira zaka zambiri, moti chikhocho ndinkachidziwa ngati chiwiya cha m'nyumba mwanga.

Chaka choyamba cha mliri wa kolona sitinaope kwenikweni. Tinkamva pa wailesi, tinkasamba m'manja pa ndowa ya pakhomo la tchalitchi, koma m'mudzi anthu ankati amenewa ndi matenda a okwera ndege. Chaka chachiwiri, mvula ili mkati, amuna anga anabwera kuchokera ku Lilongwe akudandaula mutu ndi kuphwanya kwa thupi. Tinati ndi malungo. Ndinawagulira mankhwala pagolosale, ndinawawiritsira masamba a bulugama kuti apume nthunzi yake. Tsiku lachisanu anakanika kufika kubafa. Anakhala pakhonde, manja ali pa mawondo, mapewa akukwera ndi kutsika.

"Amayi, mpweyawu ukundichepera," anatero.

Tinapeza galimoto n'kupita kuchipatala. Atawayeza anati ndi kolona, ndipo anawatengera kuchipinda cha odwala matendawa okha. Inenso anandipeza nayo, koma anati yanga si yaikulu, ndibwerere ndikadzitsekere kunyumba masiku khumi ndi anayi. Powakankha pa njinga ya odwala, amuna anga anali atafumbatira jumbo ya zovala pamimba. Anatembenuka n'kunena kuti, "Nsomba zatsala zija mukazisamale, zingalowe chinyezi." Mawu awo omaliza kwa ine anali amenewo.

Patapita masiku anayi namwino anandiimbira foni m'mawa. Analankhula mwaulemu, koma anali wotopa, ndipo kumbuyo kwake ndinkamva wina akumuitana.

Maliro anafika tsiku lomwelo masana. Anabwera nawo anthu ovala zoyera zophimba mpaka kumutu, mmodzi atabereka chopopera mankhwala. Bokosi linali lokhomera kale. Silinalowe m'nyumba, galimoto inangodutsa pamsewu kulunjika kumanda. Ine wodwala sanandilole kupita. Ndinaima kumapeto kwa bwalo langa, ndikuona amuna ochepa akutsatira galimotoyo chapatali. Kwathu kuno mkazi akaferedwa anzake amadzaza nyumba, amamugwira, amamuimbira, amagona naye pansi. Kwa ine sanalowe ndi mmodzi yemwe. Mwana wathu wamkazi, yemwe anakwatiwa ku Dwangwa, anali ndi pakati potopa, ndipo ndinamuletsa ndekha kubwera. Analira pa foni mpaka mayunitsi anatha.

Masiku otsatirawo sindiwakumbuka mwandondomeko. Njira yodutsa kuseri kwa nyumba yathu anthu anaisiya. Kumjigo kunachokera uthenga woti ndisamapiteko. Sindikuwadzudzula, inenso ndikanaopa. Amene ankandiyandikira ndi mayi wina wachisilamu woyandikana nafe nyumba, mkazi wa msodzi. M'mawa uliwonse ankabwera ndi madzi n'kuwakhuthulira mu ndowa yomwe ndinkasiya pa mpanda, kenako ankabwerera m'mbuyo n'kuitana.

"Anzanga, mwadzuka? Ndimve mawu anu ndisanapite."

"Ndadzuka."

"Alhamdulillah. Mudye kena kake."

Kudya ndinkadya, koma pakamwa panalibe kukoma kulikonse. Mchere ndi shuga zinali chimodzimodzi. Fungo nalo linandithawa. Ndi mayi yemweyo amene anandiuza tsiku lina, mochita manyazi, kuti m'nyumba mwanga mukuchokera fungo loipa. Ndinakatsegula kachipinda kosungira katundu n'kupeza kuti denga linkadontha, ndipo madengu awiri a nsomba zija anali atawola, mphutsi zili nyakanyaka. Ndinali nditaiwaliratu. Ndinakumba dzenje kuseri, ndikupumira kawirikawiri chifukwa chifuwa chinkandithina, n'kuzikwirira. Nditamaliza ndinakhala pa dothi lonyowalo nthawi yaitali. Chinthu chimodzi chokha chomwe anandipempha ndinachilephera.

Kupemphera ndinali nditasiya. Sikuti ndinamukwiyira Mulungu, koma ndikagwada mawu sankabwera. Ndinkangoona bokosi lija likudutsa pamsewu, n'kumadzifunsa ngati munalidi amuna anga, ngati anawatseka maso, ngati anaitana dzina langa. Lamulungu belu la tchalitchi linalira, ine ndinafunda nsalu kumutu.

Tsiku lakhumi, chakum'mawa dzuwa litakwera, ndinamva njinga yamoto ikuima pamsewu. Anali ansembe athu, bambo wachikulire wodwala shuga, amene akuluakulu a mpingo ankawaletsa kuyendayenda nthawi imeneyo. Anavala masiki a nsalu, ndipo magalasi awo anali atachita nthunzi. Anaima pansi pa mtengo wa mango.

"Mayi, ndabwera ndi mgonero. Mulandira?"

Ndinali ndisanasambe masiku atatu. Ndinawauza kuti sindinakonzeke, sindinapemphere chimwalirireni amuna anga, ndipo mumtima mwanga mulibe chilichonse.

"Sindinafunse zomwe muli nazo," anatero. "Ndafunsa ngati mulandira."

Ndinati ndilandira.

Anayang'anayang'ana pabwalo, n'kundipempha kuti ndivundikire mtondo pakati pathu. Ndinaugubuduza n'kuuimika chadodolido, kenako ndinabwerera pakhonde. Iwo anayala kansalu koyera pamwamba pake. Ndinakazindikira, kanali kamodzi mwa tomwe ndinkachapa, kosokedwa pakona ndi ulusi wanga. Anadzola mankhwala m'manja, anatsegula kachitini, n'kuika mkate umodzi pa kansaluko. Atatero anabwerera pansi pa mango paja n'kuyamba mapemphero. Mawu ankamveka mobanika chifukwa cha masiki, koma ndinkawadziwa pamtima, ndipo pakamwa panga panayamba kuyankha pokha. Pa pemphero lokumbukira omwalira anatchula dzina la amuna anga, lonse, pang'onopang'ono. Chichokereni kuchipatala ndinali ndisanamve munthu akulitchula mokweza.

"Thupi la Khristu," anatero ali chapatali pomwepo.

Ndinapita pa mtondo paja, ndinagwada m'matope, ndinatola mkatewo ndi zala zanga. Sunakome kanthu. Unangomata kumwamba kwa kamwa n'kusungunuka. Ndinadikira, pozolowera, kenako ndinafunsa kuti, "Abambo, nanga chikho?"

"Chikho tinayamba tachisunga, mayi. Panopa ndi mkate wokha."

Apo m'pamene ndinalira. Ndinalira mokuwa, monga ndikanalirira pa tsiku la maliro pakanakhala wondigwira. Ansembe sanandiletse, komanso sanandiyandikire. Anangoima manja ali kumbuyo, mutu uli pansi, mpaka ndinatopa. Mayi woyandikana nane uja anali ataima pa mpanda, atagwira mpango wake pakamwa.

Potsanzika, ansembe anandiuza kuti m'kachitini muja anatengamo mikate isanu, ndipo ine ndinali wachitatu. Anati akachoka apa akupita cha ku Benga, kwa mayi wina wa mpingo wathu amene mwana wake wamwamuna, mphunzitsi, anaikidwa m'manda mwa njira yomweyo, ndipo nayenso anali yekha m'nyumba. "Mukamapemphera muzimukumbukira. Ngati za inu mwini mawu akusowa, yambirani pa iyeyo."

Sindinganene kuti zonse zinapepuka. Chifuwa chinandivutabe miyezi iwiri. Mpunga unamera udzu chifukwa ndinachedwa kupalira, ndipo chaka chimenecho ndinakolola wochepa kwambiri. Masiku anga odzitsekera atatha, ena ankasunthabe ndikakhala nawo pafupi. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinkatha kugwada n'kunena mawu ochepa, ndipo ambiri mwa iwo anali opempherera mayi wa ku Benga uja, yemwe ndinkangomudziwa nkhope pa misonkhano ya amayi.

Mvula itatha ndinakwera kabaza kupita kukamuona. Ndinamupeza akusenda chinangwa choti akaviike. Anali wowonda, tsitsi litayera mbali imodzi. Ndinadzifotokoza kuti ndine ndani, ndipo anati ansembe anamuuzanso za ine. Anayala mphasa, tinakhala motalikirana pang'ono monga ankatilangizira. Anandifunsa kuti amuna anga anali munthu wotani. Ndinamuuza kuti ankakonda tiyi wotentha kwambiri, ndiponso kuti ankaimba besi molakwitsa koma mokweza. Iye anandionetsa chithunzi cha mwana wake pa foni, atavala tayi, ataima kutsogolo kwa bolodi. Kenako anasendera pafupi n'kundigwira dzanja, ndipo tinalira maliro onse awiri pamodzi. Amayi awiri odutsa ndi nkhuni atamva kulirako anatula mitolo yawo, anabwera kudzakhala kumapeto kwa mphasa, ndipo mmodzi anayambitsa nyimbo.