Tiyi wa a Buleki

Achimwene anga amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo ntchitoyi inawalowa m'magazi moti ngakhale akhale pa sofa, phazi lawo limapondabe buleki yomwe palibe. N'chifukwa chake mumsewu mwathu monse amawatchula a Buleki. Zaka makumi awiri zokhala kumpando wa pasenjala zinawaphunzitsa chinthu chimodzi: galimoto ikazima, wolakwa ndi amene wakhala pambali pawo. Ine ndimakhala nawo nyumba imodzi, kachipinda kakumbuyo, choncho ndakhalapo wolakwa kambirimbiri.

Mwa ophunzira awo onse, anawathawa ndi mmodzi yekha, mwana wawo wamkazi. Anamukalipira pamphambano chifukwa chozimitsa galimoto, iye n'kutsika, n'kuwasiya pakati pa msewu mahutala akulira. Pano ndi nesi mumzinda wina wakutali, ndipo kwa zaka zitatu bambo ndi mwana ankangopatsirana moni kudzera mwa alamu anga. Kenako Nesiyo anatumiza kabokosi ka gemu ya mpira, kontirola yosewerera ndi mahedifoni olankhulirana, ndi uthenga woti Loweruka lililonse 4 koloko masana azisewera naye pa intaneti. Achimwene anati zimenezo n'zachibwana. Loweruka loyamba anakhala pa sofa 3 koloko isanakwane, atasamba ndi kupesa komwe.

Chigawo choyamba gemu inkayenda bwinobwino. Chachiwiri chikangoyamba, osewera awo ankauma ngati zidole za m'sitolo ya zovala, ndipo pomadzasuntha mpira unali uli kale mu ukonde. Pakona pa TV pamakhala kanambala kotchedwa pingi, kosonyeza nthawi imene imapita kuti batani lomwe wadina likamveke kumene kuli mnzako. Kanambalako kankakhala pa 30, mwadzidzidzi n'kukwera kufika 900, n'kufiira. Gemu inkaduka, iwo n'kudikira atavala mahedifoni, poti mawu okha ankadutsabe, n'kuyambiranso, n'kudukanso. Masewera a mphindi khumi ndi zisanu ankatha ola lathunthu, ndipo achimwene ankagonja nthawi zonse. Ankauza aliyense kuti pakanapanda pingi, mwanayo akanamuphunzitsa mpira.

Woyamba kuganiziridwa ndinali ine, akuti ndimamaliza intaneti ndi makanema. Panakhazikitsidwa lamulo loti Loweruka mafoni onse aziikidwa m'beseni patebulo. Ine, mayi wamkulu ndi imvi zanga, ndinkapereka foni ngati ndikulowa m'chipinda cha mayeso, ndipo zinkandiwawa zedi. Pingi inafiirabe.

Wachiwiri anali wometa tsitsi wa pafupi nafe, amene achimwene anamuona akuseka ndi foni pakhonde pake. Anasiya kukameta kwa iye, akuti amatibera intaneti. Anasintha pasiwedi ya intaneti kanayi, yomalizayo n'kukhala yaitali moti eni ake anaiiwala, nyumba yonse n'kukhala masiku atatu popanda intaneti. Sanapepese. Anati apo ndiye wakubayo wakhaula.

Kenako anatembenukira kwa rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba popanda waya. Kabokosi kameneka kamakhala kukhitchini, poti n'kumene waya wa kampani umalowera. Anakazimitsa n'kukayatsa, anakapukuta fumbi ndi nsalu ya magalasi awo, anaimika tinyanga take uku ndi uku ngati akukonza magalasi a galimoto. Pomaliza anati kali pansi kwambiri, n'kukakweza pamwamba pa mayikulowevu, kumbuyo kwake n'kuikako chivindikiro cha poto kuti chizikankhira mphamvu kubalaza. Loweruka limenelo gemu inaduka kasanu.

Apa m'pamene Nesi anatopa. Ndinamumva ndili pakhomo, poti achimwene amakweza mahedifoni mpaka kumapeto.

"Adadi, ine ndimakhala nditangochoka kuntchito, miyendo ikuwawa. Zikapitirira chonchi, tingosiya."

Madzulo amenewo achimwene sanadye. Mlungu wonse sanakalipire munthu, ngakhale wophunzira wina atakwera nayo galimoto pa maluwa a eni ake. Ndinawamvera chisoni, ngakhale foni yanga inali itagonapo m'beseni. Analibe njira ina yofikira mwana wawo, ndipo ankadziwa.

Anaimbira kampani ya intaneti, n'kuumirira kuti munthu abwere Loweruka 4 koloko adzaone yekha. Kunabwera mayi wina wa ovololo, wosalankhulalankhula. Achimwene anamufotokozera za wometa tsitsi mwatsatanetsatane, iye akungogwedeza mutu, kenako anakhala pampando n'kunena kuti aziseweratu monga mwa masiku onse, asasinthe kanthu.

Chigawo choyamba chinatha bwino. Ndiye achimwene, osatembenuka n'komwe, anaitana mmene amaitanira Loweruka lililonse:

"Amayi a Nesi, tiyi uja."

Tiyi ameneyu ali ndi mwambo wake. Amapangidwa gemu isanayambe, koma achimwene samukhudza mpaka pakati pa masewera, ndipo amafuna wootcha milomo. Alamu anaika kapu mu mayikulowevu n'kudina. Makina atangoyamba kulira, kanambala kaja kanafiira.

Mayi wa ovololo anadzuka n'kulowa kukhitchini. Anayang'ana rauta ili pamwamba pa mayikulowevu ndi chivindikiro chake, ndipo ndinamuona akuluma mlomo kuti asaseke. Anafunsa alamu kuti tiyiyo amamutenthetsa kangati. Alamu anati zimatengera: gemu ikaduka abambo amapsa mtima, amaiwala kumwa, tiyi amazizira, ndiye amaitananso. Pena katatu, pena kasanu.

Mayiyo anafotokoza m'chinenero chimene achimwene amamva. Anati mayikulowevu ndi wayifayi ya rautayo zimayenda msewu umodzi, ndipo mayikulowevu ikayaka zimakhala ngati lole yaima pamlatho wopapatiza. Achimwene anatembenukira kwa alamu, pakamwa atatsegula kale.

"Amaitanitsa ndinu," anatero alamu.

Phazi la achimwene linaponda buleki pa kapeti. Wolakwa anasowa tsiku limenelo. Mayi uja anakoka chingwe kuchokera pa rauta, n'kuchidutsitsa m'mbali mwa khoma mpaka kuseri kwa TV, n'kunena kuti tsopano atha kutenthetsa ngakhale ndowa yonse.

Loweruka lotsatira pingi inakhala pa 28 osasuntha. Achimwene anagonja 7 kwa 0, popanda chonamizira. Ine ndinali nditakonzeka kuwaseka mpaka Lolemba, koma ndinaleka nditamva mmene zinathera.

"Mwayesetsa, adadi. Tionana Loweruka."

Nthawi inali itangopitirira 4 koloko ndi mphindi khumi ndi zisanu. Achimwene anakhalabe pa sofa atavala mahedifoni opanda mawu, tiyi akuzizira pambali. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti zonse zimene ndinkadziwa za Nesi miyezi imeneyi ndinazimva gemu itaduka: za bwana wake wovuta, za nsapato zomuthina, za mnyamata wina amene ankamutchula pafupipafupi mosayenera. Awiriwa sadziwa kuimbirana foni. Amatha kulankhulana pokhapokha akudikira chinthu china, aliyense akuyang'ana TV yake.

Loweruka linalo ndikusesa pabalaza ndinapeza chingwe chija chitazulidwa, chitakulungidwa bwinobwino kuseri kwa TV. Sindinafunse. Beseni silinabwerenso patebulo, ndipo achimwene anali atameta kwa wometa tsitsi uja.

Chigawo choyamba chitatha, anaitana osatembenuka.

"Amayi a Nesi, tiyi uja. Mumutenthetse kwambiri."

Kanambala kanafiira, osewera n'kuuma. Achimwene anaika kontirola pa ntchafu, n'kutsamira.

"Yayambanso, mwanawe. Kampani imeneyi! Tingodikira. Nanga nsapato zija unagula zina?"

Nesi akudziwa za chingwe, poti ndinamuuza ndine tsiku lomwe chinaikidwa. Sanachitchule. Ndinamumva akuyamba kufotokoza za nsapato, kuyambira ku sitolo yoyamba. Kukhitchini tiyi anali atayamba kusefukira m'kapu, ndipo alamu anawonjezera mphindi zina zisanu.