Mizere Iwiri pa Chikalata cha Kalabu ya Maliro

Ndinadandaula koyamba Lamulungu la sabata yoyamba ya Malichi, pakamwa, pakhomo la tchalitchi. Kachiwiri ndinalemba kalata, ndipo kope lake lili m'fayilo yanga yobiriwira. Kachitatu ndinavala jekete n'kupita ndekha.

Ndine membala wa kalabu ya maliro ya kuno ku Kanyama kuyambira pamene inali ya mabanja ochepa a mumpingo wathu. Kalabuyi imagula bokosi, imalipira lole yopita kumanda, ndiponso imabweretsa ufa ndi nkhuni panyumba ya maliro. Ine ndimalipira za chaka chonse mu Januwale, penshoni ikangolowa, chifukwa ndalama ikagona m'nyumba imamera miyendo. Malisiti onse ndili nawo, m'matumba a pulasitiki pamwamba pa wadiropu. Chaka china madzi a mvula analowa m'nyumba mpaka m'mawondo, mipando inawola, koma palibe lisiti limene linanyowa. Mkazi wanga amanenabe kuti ndinayamba kupulumutsa mapepala, iye pambuyo. N'zoona. Iye ali ndi miyendo, mapepala alibe.

Chaka chino achinyamata a m'komiti anagula kompyuta, nayamba kutumiza zikalata zosonyeza mmene ndalama za membala aliyense zikuyendera. Changa chitafika ndinavala magalasi. Januwale: dzina la bambo athu, limene ndinalembetsa nalo, ndalama yake. Pansi pake: dzina lomwelo, ndalama yomweyo. Febuluwale chimodzimodzi. Kumapeto kompyutayo inandichenjeza mwaulemu kuti ndalama zanga zidzatha mu Juni.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'nyumba yosungira katundu mpaka kupuma, ndipo sindinalembepo thumba limodzi kawiri.

"Mwina akufuna adzakuikeni kawiri," anatero mkazi wanga akusita malaya. "Kuti atsimikize."

Msungichuma wa kalabu ndi mayi wa Chibemba wochokera kumigodi ya ku Kopala, amene ali ndi kagolosale pafupi ndi pokwerera maminibasi. Ife a chigawo cha Kummawa ndi Abemba tili pa chimbuya: timanyozana poyera, ngakhale pamaliro, ndipo wokwiya ndiye wagonja. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. N'chifukwa chake kudandaula kwa mayiyu n'kovuta. Ukakweza mawu iye amangoona ngati masewera ayamba.

"Ba mbuya!" anakuwa atandiona ndi fayilo kukhwapa. "Mwabwera na jekete? Mbewa zasila kumunda?"

"Amayi, ndabwera pa nkhani ya kalata yanga."

"Ninaiwerenga. Mapeji atatu, ba shikulu. Nenze kuganiza ni ulaliki."

Ndinayala malisiti pakauntala, pakati pa sopo ndi mabotolo a mafuta ophikira, ndi kumuonetsa mizere iwiriyo ndi nsonga ya bolopeni. Ndinafotokoza kuti munthu mmodzi amafa kamodzi, choncho ayenera kulipira kamodzi. Iye anagulitsa machesi kwa kasitomala, anapukuta manja pachitenje, natulutsa foni.

"Kompyuta siinalakwe. Laini yoyamba ni yanu. Yachiwiri ni ya bakulu banu."

"Mkulu wanga tinamuika mu Novembala. Munalipo."

"Ninalipo maningi. Onani."

Pafoniyo panali vidiyo ya tsiku limene tinabwera kuchokera kumanda, panyumba ya malemu ku komboni ya Kuku. Ndinadziona nditaimirira pakati pa achibale. Mutu wanga unali mbuu ndi ufa umene mayi yemweyu anandipaka, monga amachitira a chimbuya pamaliro. Akuluakulu a banja anali atangondipatsa chipewa ndi jekete ya malemu, kusonyeza kuti ndine woima m'malo mwake. Ndiye ndinamva mawu anga, okweza bwino, dzanja lili pachifuwa: "Alamu, pukutani misozi. Chilichonse chimene mkulu wanga ankasenza, kuyambira lero chili pamutu panga."

Anthu a m'vidiyomo anavomera onse, "Eee."

"Amenewo ndi mawu a pamaliro," ndinatero. "Aliyense wolandira chipewa amanena zomwezo."

"Benangu bakamba chabe vinthu va so, ise tiziba. Koma imwe? Munthu wamene anabweza lisiti chifukwa sitampa inapendama? Komiti inati, aba bakakamba ni siginecha."

Sindinadziwe ngati ndatamandidwa kapena ndaberedwa. Ndinafunsa kuti fomu ili kuti. Panalibe. Ndinafunsa za maminitsi a komiti. Anati mlembi anali ndi chimfine tsikulo.

Kenaka anatsegula kabati ya ndalama, ndipo nthabwala zinachepa pang'ono.

"Ngati mufuna, nifuta laini yachiwiri manje manje, ndalama zanu nibweza. Koma ba mulamu banu bachoka mu kalabu, pamodzi na bazukulu bamene basunga. Ndipo pa msinkhu wao, lamulo silibalola kulowanso."

Lamulolo ndimalidziwa. Ndinalilemba ndine, pa taipi, zaka zapitazo, ndipo ndinaliteteza pamsonkhano anthu akufuna kulifewetsa.

Alamu anga amagulitsa tomato ndi kapenta pakhomo. Amadwala matenda othamanga magazi, ndipo amalera adzukulu amene makolo awo anamwalira. Za kalabu sanazigwirepo, zonse ankayendetsa ndi mwamuna wawo. Pamene ndinawachezera Khirisimasi itapita anandiuza kuti chinthu chimodzi chokha sichiwasowetsa tulo: tsiku lawo likadzafika, ana sadzayenda ndi mbale m'misewu kupempha za bokosi. Ndinavomera ndi mutu, osadziwa kuti mutu womwewo ndi umene ukulipira.

"Tsekani kabatiyo," ndinatero.

"Ba mbuya bali na mtima!" anauza mayi wina amene ankasankha sopo. "Bakudya mbewa, koma bali na mtima."

"Anyani amene mumadya inu ndi amene anakuphunzitsani kusunga mabuku," ndinayankha, ndikulongedza malisiti anga. Anaseka mpaka kugwira kauntala.

Za miyezi yotsalayo ndidzalipira mu Juni. Mkazi wanga wati tidzachepetsa nyama, ndiponso kuti pamaliro otsatira ndikhale kumbuyo ndi kutseka pakamwa. Koma dandaulo langa silinathe, ndipo anthu asaganize kuti ndagonja. Umembala wa mayi wamasiye sungakhale m'foni ya munthu wokwera minibasi tsiku ndi tsiku. Foni imabedwa, imagwera m'madzi. Msungichuma angasamukire kwawo ku Kopala. Tsiku lovutalo likadzafika, mnyamata wa pakompyuta adzaona dzina limodzi lolembedwa kawiri, adzati linali vuto la makina, ndipo ine mwina sindidzakhalapo kuti ndivale jekete.

Choncho ndikupempha komiti ya kalabu, mwaulemu wonse, kuti indiyankhe molemba msonkhano wa mwezi uno usanachitike. Mzere wachiwiri ulembedwe m'dzina la alamu anga, ndi maina a adzukulu pansi pake. Iwo apatsidwe khadi lawolawo, ndipo ine ndipatsidwe fomu yoti ndisaine ndi dzanja langa kuti ndine wolipira. Yankholo likhale ndi deti, siginecha ya wapampando, ndi sitampa yoongoka.