Mpopi wa pabafa ndi patapata ya kumanzere

Ayi, asabwere. Lemba choncho kumene, usakometse. Pulambalayo asabwere, ndipo bafalo asalichotse. Ukuti chifukwa chiyani? Si ndi chimene ndikufuna kunenachi, khala bwino. Ulembe m'Chichewa, bambo ako ndi a ku Dedza, Chitonga chathu amangomva moni basi. Pomwe lilime langa lapindika uwongole, koma mawu akhale anga.

Apongozi, yewu, ndiye kuti zikomo, chifukwa cha mtima wanu. Mwana wanuyu wandiwerengera uthenga wonse, kuti munamva mpopi ukudontha tsiku lija munabwera, ndiye mukufuna kutumiza munthu Loweruka adzachotse chibafa chakalecho, aike shawa. Sindinakwiye ayi. Kungoti inu munalowa m'banja muno apongozi anu aamuna atapita kale. Ngakhale mkazi wanu nkhaniyi amangoidziwa theka, nthawi imeneyo anali kusukulu yogonera komweko.

Malemuwo ankagwira ntchito paloji ina kunyanja kuno, yokonza mipopi ndi mapaipi. Matipate atangoyamba, eni lojiyo anasintha mabafa, akale aja nkuwataya kuseri. Iwo anapempha limodzi. Linabwera pangolo, lachitsulo, loyera, lalitali ngati bwato, anthu a m'mudzi akulilondola pambuyo. Malemuwo anamanga kachipinda ka njerwa, panja anaimika nsanamira nkukwezapo mgolo, anaupaka utoto wakuda kuti dzuwa lizitenthetsa madzi. Paipi kuchokera pamgolo kulowa pakhoma, mpopi pamutu pa bafa. Miyezi itatu akugwira, Lamulungu lokha ankapuma. Atamaliza anandiitana, akuti, "Ama, zaka zonsezi ndimakonzera akazi a eni. Lero lowanimo inu."

Ndinalowamo kamodzi. Ndinene zoona, sindinakonde. Munthu wamkulu kugona chagada m'madzi ngati nsomba ya m'bwato, litsiro lako lomwe likukuzungulira. Ndiye madzi ake! Ndowa zisanu kusamba munthu mmodzi, wotunga kumjigo ndili ine ndemwe. Ndinawauza kuti zikomo, mawa lake ndinabwerera kubafa langa la udzu.

Tsono inu a ku Dedza ndi anthu a chimanga, mwina simudziwa. Chinangwa chathu chowawa sitidya chisanaviikidwe. Umasenda, nkuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, ululu uchoke, kenako kuyanika, kusinja, ndiye kondowole ameneyo. Ife tinkaviika kudambo, m'dzenje. Chaka chimenecho nkhumba za eni zinatisautsa, ukapita m'mawa upeza zafukula. Ine kuyang'ana chibafa chija chili phee, choyera, chotsekera chake chilipo, chitseko chilipo, nkhumba singalowe. Ndinati Mulungu andipatsenso chiyani? Ndinathiramo madengu awiri a chinangwa.

Tsiku lachitatu malemuwo anabwera kuchokera kuntchito, sopo m'manja, thaulo paphewa. Kutsegula chitseko, fungo lija linawalandira. Ukulidziwa iwe fungo la chinangwa chovunda, usachite ngati wa m'tauni. Anaima pakhomopo nthawi yaitali. Ine ndili pakhonde, ndikudikira kuti akalipe, mayankho ndakonza kale. Sanakalipe. Anatseka chitseko bwinobwino, anatenga njira ya kunyanja. Kuyambira tsiku limenelo sanapondemonso.

Mpopi unayamba kudontha chaka chomwecho. Wolakwa ndine. Dzanja langa linazolowera mjigo ndi munsi, ndiye ndikamatseka ndinkapotokola ndi mphamvu zonse, kuti utsekeke zenizeni. Unayamba tho, patapita nthawi tho. Ine sindinadandaule, chifukwa chotsekera cha pansi chinkataya pang'ono, ndiye kudonthako kunkabwezera, chinangwa chimakhala chomira. Iwo ankamva. Munthu woti akamadutsa panyumba ya eni nkumva mpopi ukudontha ankaodira kuti akonze, wakewake ankangoudutsa. Ine osapempha, iwo osafunsa. Tinkacheza bwinobwino, kutchalitchi limodzi, kumaliro limodzi, ana tinalera. Koma za kachipinda kaja, pakamwa tseke tonse awiri. Zaka zambiri, sindinaziwerenge.

Kenako inabwera sitiroko. Anagwa m'mawa akumanga nsapato. Titabwerako kuchipatala, dzanja lamanzere ndi mwendo wamanzere zinali zitafa, pakamwa patakhota, mawu atatsala owerengeka. Kudya ndinkawadyetsa, kuvala ndinkawaveka. Chovuta chinali kusamba. Kubafa la udzu kuli miyala yoterera, tsiku lina tinagwa tonse awiri, iwo anang'ambika pachipumi. Ndinachita mantha, ndinayamba kumangowapukuta ndi kansalu pamphasa. Munthu wodwala choncho, nyengo yotentha, kansalu sikakwanira. Apa lemba bwino, usachite manyazi, ndi agogo ako. Anayamba kununkha.

Mng'ono wawo, alamu anga a ku Bandawe, anabwera kudzazonda. Anangolowa nkutuluka, anandiitanira pansi pa mango.

"Alamu, mwakula. Ntchito iyi yakukanikani. Akuluwa tiwatenga. Kwathu kuli anyamata, aziwanyamula kupita nawo kunyanja."

Ndinati, "Anyamata ake ati? Omwe aja anawaphunzitsa katekisimu? Awavule?"

"Nanga kununkha ndiye ulemu? Ndibweranso Lamulungu tikaweruka. Ndikawapeza chonchi, ndibwera ndi galimoto."

Sankanena mwankhanza, ndisawanamizire. Anali m'bale wawo, zinkawawawa. Koma nditalowa m'nyumba ndinapeza amva zonse. Anagwira chitenje changa ndi dzanja lamoyo lija, kukoka, mpaka chinatsala pang'ono kumasuka. Maso ali pa ine. Munthu amene chikwatirane sanavulepo malaya pamaso pa ana ake.

Ndipamene ndinakumbuka bafa. Linali Lachiwiri. Ndinavuula chinangwa chonse chisanafewe nkomwe, ndinakapatsa anzanga. Ndinakwecha ndi mchenga, phulusa, mandimu, masiku awiri, zala kusupuka. Ndinapeza thabwa nkulipingasa pamwamba kuti azikhalapo, dzanja lamoyo ligwire m'mphepete, mwendo wakufa ndiulowetse ine. Zonse zinakhala bwino. Koma madzi. Ndinkatunga m'mawa, kukwera makwerero ndowa ili pamutu, kuthira mumgolo, kudikira dzuwa liwatenthetse, pakuti madzi ozizira ankawaumitsa thupi. Pofika masana, mgolo uli theka. Kudontha kuja kumene ndinkati nkwabwino. Ndinapotokola ndi manja awiri. Kunaonjeza. Ndinakulunga nsalu pachogwirira nkupotokolanso, mpaka mano kukukuta. Pamenepo sikunalinso kudontha, anali madzi oyenda ngati ulusi. Ndinamanga kukamwa kwake ndi mphira ya chubu monga timangira katundu panjinga, madzi anangotulukira m'mbali. Lachisanu dzuwa lisanapendeke mgolo unali gwa, msana wanga utatheratu, munthu sanasambe.

Loweruka m'mawa ndinatunganso. Kenako ndinawakoka ndi mpando wawo mpaka pakhomo pa kachipinda kaja. Ndinagwada. Ndinati, "Ada, mpopi wanu ndauwononga ndine. Ndiuzeni chochita. Manja ndi awa."

Anayang'ana mpopiwo, anayang'ana mphira ndinamanga ija. Mbali yamoyo ya pakamwa inagwedera, kaya kunali kuseka kaya kulira, mpaka lero sindidziwa. Kenako analoza kuchipinda, pansi pa bedi. Chikwama chawo cha zitsulo, chimene sindinachigwirepo chikwatiwire.

Ndinatenga sipanala nkulunjika pampopi. Iwo ndodo pansi, go! go! go! Kuloza panja. Ine osamva. Go! go! Mpaka ndinatuluka, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati nkhuku, ndiye ndinaona kampopi kena kakang'ono pansi pa mgolo. Zaka zonsezo sindinkadziwa kuti kalipo. Ukatseka pamenepo madzi sapita m'nyumba. Ndikanamasula osatseka, mgolo wonse ukanathera pankhope panga.

Tinayamba. Kasikuluwu ka pamwamba, chogwirira nkuchoka. Kenako nati yaikulu. Inali itagwira dzimbiri, ine ndinaika thupi lonse. Ndipamene anatulutsa mawu, oyamba omveka bwino chigwereni. Anati, "Kamanakamana." Ndiye kuti pang'onopang'ono, apongozi. Analoza botolo la mafuta a makina. Ndinadonthezera, tinadikira, nkhuku zikulowa nkutuluka. Nditayesanso inamasuka ngati ikufuna yokha. M'kati munatuluka kachitsulo, kunsonga kwake kuli kamphira kozungulira, amati washala. Kanali katang'ambika pakati, kataphwanyika ngati nkhanambo. Anakaika pachikhatho changa, nkutseka zala zanga ndi dzanja lawo, kufinya. Ndinamva. Kanthu kofewa kameneka ndi kamene kamatseka madzi, osati mphamvu zanga. Ndinkati ndikutseka, ndikukapha.

M'chikwama munalibe washala wina. Ndinati ndithamangire ku Chintheche kusitolo, iwo anakana ndi mutu. Mwina ankadziwa kuti wa mpopi wakale choncho sapezeka, mwina sankafuna ndiwasiye okha. Anayang'ana pansi, kumapazi awo. Patapata ya kumanja inali itadyeka chidendene. Ya kumanzere inali yatsopano, chifukwa phazi limenelo silinkapondanso, ndinkangowaveka kuti aoneke bwino. Anaikankha ndi ndodo mpaka inafika pamaondo anga.

Ndinati, "Ada, iyi ayi. Mudzayendera chiyani mukachira?"

Anandiyang'ana. Tonse tinkadziwa kuti phazilo silidzapondanso.

Ndinaika washala wakale pamwamba, kulemba mozungulira ndi khala, kudula ndi lezala. Woyamba unatuluka ngati dzira, anapukusa mutu. Wachiwiri anautembenuza, anaonetsa kuti ndiusenge uchepe makulidwe. Bowo la pakati ndinaboola ndi msomali wootcha pamoto. Kubwezera zonse monga zinalili, iwo akuloza ndi ndodo, ichi, kenako icho. Ndinakatsegula kampopi ka pamgolo, kubwera, kutsegula waukulu, madzi waa. Potseka dzanja langa linayamba kale khalidwe lake lija. Anandimenya ndi ndodo pamkono, osati mopweteka. Anaonetsa zala ziwiri. Ndinatseka ndi zala ziwiri, pomwe panangolimba pang'ono ndinasiya.

Tinadikira. Dontho limodzi linagwa, lotsalira m'kamwa mwa mpopi. Tinadikiranso. Palibe.

Masana amenewo madzi anali ofunda bwino, mgolo wodzaza. Ndinawakhazika pathabwa, ndinawasambitsa kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi, kawiri. Ndikuwatsuka kumsana, poti sankandiona nkhope, ndinati, "Ada, za chinangwa zija." Ndinangopitiriza kutsuka. Iwo anatunga madzi ndi dzanja lamoyo lija nkundiwaza kumaso. Basi, nkhani inathera pomwepo.

Lamulungu alamu anabwera, galimoto atapangana nayo kale, ikudikira kumsewu. Anapeza akulu awo ali pakhonde, malaya oyera, ndevu zometa, akununkhira sopo. Anakhala nawo pafupi nthawi yaitali. Kenako analowa m'kachipinda kaja, anatuluka akugwira mphuno, akuti, "Alamu, koma kafungo ka kondowole kakadalipo. Akuluwa musadzawayanike padzuwa." Tinaseka tonse, ngakhale odwalawo. Galimoto inabwerera yopanda munthu.

Malemuwo anakhala nane mvula zitatu. Tsiku lililonse masana, pathabwa paja, palibe wina anawaonapo thupi koma ine. Dzulo lake la tsiku limene anatisiya ndinawasambitsa momwemo.

Patapata si mphira yeniyeni, imatha. Pakapita chaka, nthawi zina kuposerapo, mpopi umayambanso. Ndimatenga chikwama, ndimatseka pamgolo, ndimadula wina. Patapatayo ili m'chikwama momwemo, yabowokabowoka, koma kuchidendene malo akadalipo. Tsiku munabwera lija ndinali nditaumva kale, kungoti maondo anandivuta sabata imeneyo. Maso achepa, inde, koma zala zikudziwa njira. Ndipo masiku ano ndimasambamo ndine, pathabwa pomwepo, kubafa la udzu ndingagwe. Chinangwa sichinalowemonso.

Ndiye apongozi, munthu wanuyo mumuuze asavutike ulendo. Akabwera ndi zitsulo zake adzapotokola mwamphamvu, adzati ndi zakale izi, adzataya. Mukafuna kundithandiza, mudzabwere nokha, mudzandigwirire sipanala pa nati yaikulu ija, ine ndidzakuuzani pomwe muyenera kusiyira. Ndikadzapita mudzaike shawa yanuyo, sindidzakhalapo kuti ndikane.

Walemba zonse? Za kununkha zija sunachotse? Chabwino. Usawerengenso, ndingayambe kusintha. Tumiza pompano, asanamuuze munthuyo za galimoto ya Loweruka. Dina pafonipo, ndione kuti uthenga wapita.