Ndinawotcha Nkhope ya Mkazi Wanga ndi Mawaya Awiri

Inu owerenga, nkhani iyi ndi yamanyazi, koma kuisunga kwanditopetsa. Ndinawononga ndi manja angawa zithunzi zonse za malemu mkazi wanga, pamodzi ndi mawu ake, chifukwa kamera inakana kuyaka ndipo ine ndinakana kudikira. Palibe anandibera, komanso sinagwere m'madzi. Ndinachita ndekha, masanasana, anthu akuona.

Ndimalima mbatatesi kufupi ndi Domwe, koma m'mudzi ankandidziwa ngati mesitiri. Wailesi ikasiya kulankhula, pompa yopopera mankhwala ikatseka, tochi ikafa, zonse zinkabwera pakhonde panga. Sukulu ya zimenezi sindinapiteko ayi. Ndinkangotsegula, kupukuta, kulumikiza mawaya, chinthu n'kudzuka. Anthu anandiyamikira mpaka mutu unakula, ndipo ndinafika poganiza kuti palibe cha magetsi chingandikanike.

Kamerayo ndinagula ku Kalomwe chaka chimene mbatatesi zinatiyanja. Inali yaing'ono, yolowa m'thumba la malaya. Mkazi wanga Nabanda anandiseka, amvekere munthu wopanda ndi mbuzi yomwe akugula chojambulira! Koma ikafika nthawi yojambula, woyamba kuthamangira kukasintha chitenje anali yemweyo. Ndinamujambula kumunda, kutchalitchi, ali woyembekezera, ndiponso tsiku limene anatuluka chikuta ndi mwana wathu Luzia. Munalinso kakanema kamodzi kakafupi. Nabanda anali kusankha nyemba palichero uku akuimbira mwana, kenaka anazindikira kuti ndikumujambula, anaseka n'kubisa nkhope, n'kunena kuti, "Inu bambo a Luzia, chotsani chinthu chanucho!"

Luzia asanakwanitse zaka ziwiri, mayi ake anadwala masiku anayi okha n'kutisiya. Foni yake inali ya mabatani, yosajambula. Chitupa chake tinafunafuna osachipeza. Motero nkhope ya Nabanda inatsala malo amodzi okha padziko lino, m'kamera muja.

Alamu anga a Zakeyu, alongo ake a malemu, anandiuza kangapo konse kuti ndipite ku Ulongwe ndikatsukitse zithunzizo zikhale papepala. Ine ndinkangoti ndikapopera, ndikakolola, mvula ikatha. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuziona. Ndinakulunga kamera ndi karegadori yake, chotchajira chija, m'kansalu, n'kuziika m'katoni kuseri kwa matumba a mbewu. Zinakhala mmenemo zaka zinayi.

Pamudzipo ndinali mkamwini. Akuchikazi anandilola kukhalabe kuti ndilere mwana, koma nthawi inakwana. Tinagwirizana kuti tsiku loonetsa chiliza cha Nabanda likhalenso tsiku londisudzula, ine ndibwerere kwathu, Luzia atsale ndi amalume ake monga mwa mwambo wathu. Apa n'kuti Luzia atayamba sukulu, ndipo anali atayamba kufunsa. Amayi anali otani? Anali aatali? Ankalankhula bwanji? Ndinamulonjeza kuti pa tsiku la chiliza adzawaona amayi ake, adzawamvanso akuimba. Mwana anayamba kuwerenga masiku ndi zala, n'kuuza anzake onse.

Litatsala tsiku limodzi ndinatulutsa kamera ija, ndinadina batani. Zii. Ndinadinanso mwamphamvu, osayaka. Ndinati palibe vuto, batiriya yangogona. Ndinaiika mu karegadori n'kulumikiza ku magetsi a paineli ya dzuwa masana onse. Kanyali ka pa karegadori sikanayake. Ndinakaona ndithu kuti sikakuyaka, koma ndinadziuza kuti ndi kuwala kwa dzuwa kukundiphimba m'maso. Inu owerenga, chenjezo loyamba linali limenelo, ndipo ndinalilumpha dala.

M'mawa mwake kunazizira kuzizira kwa mwezi wa Junyu kuja, nkhungu ili mbuu, zala zosamva kugwira. Tinapita kumanda, tinaonetsa chiliza, tinabwerera kumudzi. Anthu anakhala pabwalo. Apongozi anga anakhala pamphasa chapatali, atayang'ana kumbali mwaulemu, koma ndinkadziwa kuti nawonso akudikira kuona mwana wawo. Luzia anabwera n'kutsamira pabondo langa. Ndinalowetsa batiriya, ndinadina. Zii! Ndinaichotsa, ndinaipukuta pamalaya, ndinaifunditsa m'khwapa poganiza kuti mwina ndi kuzizira, ndinabwezera. Palibe. Kamerayo ndinaimenya pachikhatho.

A Zakeyu anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti, "Alamu, isiyeni. Mawa tikwere shapa tipite nayo ku Ulongwe. Mwana adikira, wadikira kale zaka zinayi."

Anandilankhula mwaulemu, koma ine mtima unaphulika. Mesitiri wa mudzi wonse, ndilephere pamaso pa akuchikazi, tsiku londisudzula? Adzati chiyani ndikachoka? Ndinawayankha mokweza kuti ntchito imeneyi ndi yanga, iwo aziona za mwambo. Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa.

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa batiriya yaikulu ya paineli, ija yoyatsira magetsi a nyumba yonse, pamodzi ndi mawaya awiri. Mawailesi ambiri ndinkawadzutsa choncho. Ndinatsegula kachitseko kapansi pa kamera n'kuchotsa kabatiriya kake. Inu owerenga, mvetserani bwino apa. Kuseri kwa kachitseko komweko kunali kartau, kakhadi kosunga zithunzi kaja. Kanali pafupi ndi chala changa. Kungokadina ndi chikhadabo kakanatuluka, ndikanakaika m'thumba, ndipo nkhani iyi sindikanalemba. Ndinakaona, koma maganizo anga onse anali pa anthu amene ankandiyang'ana.

Ndinalowetsa mawaya aja mpaka anakhudza tizitsulo tam'kati. Ndinamva kuti the! Kagalasi kakumbuyo kanang'anima kamodzi. Luzia anawomba m'manja n'kufuula kuti, "Yayaka! Ababa, yayaka!" Kenaka kautsi kanatuluka pakachitseko, fungo la pulasitiki wopserera linamveka bwalo lonse, ndipo kamera inatentha moti ndinaigwetsa pansi. Apongozi anadzuka, anapinda mphasa yawo n'kulowa m'nyumba. Luzia anatola kamera ija n'kumaiyang'ana pagalasi, akudikirabe.

Mwambo wondisudzula unachitika madzulo ake, koma zimene ananena sindinamve ngakhale chimodzi.

Kutacha ine ndi a Zakeyu tinakwera shapa, minibasi ya ku Ulongwe. Pamsika tinapeza bambo wina wokonza mafoni ndi makamera. Ananunkhiza kamera ija n'kundiyang'ana. Anatenga kabatiriya kaja n'kukaika mu karegadori yake, ndipo nthawi yomweyo kanyali kanayaka. Batiriya inali yamoyo. Anatenga chingwe cha karegadori yanga, anachiyendetsa m'zala, n'kundionetsa pamene khoswe anatafuna. Mabala ake anali aang'ono ngati njere za mpiru. Vuto lonse linali limenelo basi, chingwe chimene amagulitsa pabenchi iliyonse mumsikamo. Kamera yanga inalibe matenda alionse mpaka pamene ine ndinaipha.

Kartau anaiyesa pa kompyuta yake, anaiyesa pa ya mnzake, anaiyesanso m'kamera ina. Sinaoneke paliponse. Magetsi amene ndinalowetsa anali ochuluka kwambiri, anapsereza kamera n'kudutsa mpaka m'kartau. Bamboyo anangondifunsa funso limodzi: "Nanga bwanji simunayambe mwachotsa kartau, akulu?" Ndinatuluka, ndinakhala pamwala kuseri kwa msika, ndinalira ngati tsiku la maliro. Pambuyo pake ndinaitengera kartauyo ku Tete, ndinaoloka nayo malire mpaka ku Dedza. Konseko yankho linali limodzi.

A Zakeyu sananditukwane, ndipo zikanakhala bwino akananditukwana. Apongozi amandilonjera bwinobwino ndikapita kukaona mwana, koma za tsiku lija sanatchulepo. Mawailesi ndinasiya kukonza.

Tsono inu owerenga, amene muli ndi makamera m'makatoni ndi m'masutikesi, ndikupempheni. Kamera ikakana kuyaka, musanachite china chilichonse chotsani kartau, muikulunge, muisunge padera. Kamera ina mudzagula, koma zili m'kartaumo simudzazigula kwina kulikonse. Mukatero yang'anani zazing'ono: kodi kanyali ka karegadori kakuyaka, chingwe n'cholimba, tizitsulo ta batiriya tilibe dzimbiri, kachitseko kakutsekeka bwino? Yesani chingwe china, yesani batiriya ina. Zikakanika, imani pomwepo mupite kwa odziwa. Kamera si wailesi, musailowetse mawaya a batiriya ya paineli kapena ya mota, njinga yamoto ija. Ndipo zithunzi za anthu amene mumawakonda musazisunge malo amodzi. Katsukitseni sabata ino, musadikire kukolola ngati ine. Wina akakuuzani kuti dikirani mawa pamene anthu akukuyang'anani, vomerani manyaziwo, amatha tsiku lomwelo.

Luzia tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndimapalasa njinga Lamulungu lililonse kukamuona. Za zithunzi anasiya kufunsa, koma nthawi zonse ndikamatsanzika amandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ababa, nenaninso mmene ananenera amayi." Ine ndimayesa kuchepetsa mawu anga okhakhalawa, n'kunena kuti inu bambo a Luzia, chotsani chinthu chanucho. Iye amaseka, n'kubwereza mondiyerekeza ineyo, poti mawu a mayi ake sakuwadziwa. Mwezi watha anandipempha kuti ndimuimbire nyimbo ija mayi ake ankamuimbira posankha nyemba. Ndinatsegula pakamwa, ndinapeza kuti ndaiiwala.