Nkhope ya Phulusa

Fungo la katondo wonyowa limandibweza ku Thambani, pakhoma la nyumba ya amayi anga. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma pa nkhani ya zithunzi musandiuze kanthu, ndinabadwa kwa katswiri! Amayi anathawa nkhondo ku Mozambiki atanyamula ife anawo ndi luso la m'zala zawo basi. Chilimwe chilichonse ankamata khoma n'kujambulapo ndi dothi lofiira, dothi lakuda la kudambo, ndi phulusa lolembera mizere ya m'mbali. Anthu opita kumsika ankachita kutsika njinga kuti aone.

Chaka china anajambula ifeyo, ine nditagwira legeni, mlongo wanga wamng'ono Esinati atasenza kandowa. Mwanayo ankaima pamenepo n'kumadzilozera, "Achimwene, uyutu ndi ine!"

Mvula inabwera molusa, chikuku n'kulowa m'mudzi. Esinati anagona. M'nyumba munkanunkha thukuta ndi utsi wa nkhuni zonyowa, maso ake atamatana ndi manthongo. Panja mvula ya mphepo inkamenya khoma lathu lija. Inayamba kudya mapazi a chithunzi chake, kenako miyendo, dothi lofiira likuyenderera pansi. Ine ndinaona kuti chithunzi chikamatha, nayenso akutha. Ndinatchinga ndi mphasa, mphepo n'kuigwetsa. Tsiku lachinayi nkhope inafufutika.

Ndinati ayi, ndimubweza ameneyu. Kunkhuti kumene amayi ankakumba katondo kunali kutadzaza madzi, ndiye ndinatapa phulusa pamafuwa, ndinakanda m'chigoba, n'kumulembera nkhope ina ndi chala changachi. Inatuluka bwino, ndikunenetsa, maso, mphuno, pakamwa pomwe. Koma dzuwa litawala pang'ono inauma n'kuyera mbuu.

Amayi anatuluka kuti akataye madzi. Anaima, beseni n'kugwa. "Iwe! Ndani wamusandutsa mzukwa mwana wanga akadali moyo?" Anandipatsa mbama, yoyamba ndi yomaliza m'moyo wanga, kenako anayamba kupala nkhope ija ndi zikhadabo mpaka zala zinatuluka magazi.

Esinati anamwalira patapita masiku awiri. Mvula itatha amayi anamata khoma lonse ndi dothi lakuda, ngakhale ine ndi legeni yanga anandikwiriramo, ndipo sanajambulenso mpaka imfa yawo.

Ndinakula ndikukhulupirira kuti ndinapha mlongo wanga ndi phulusa, ndipo ine wa pakamwa ngati ine sindinauze munthu. Lero ndikudziwa kuti chikuku chinatenga ana ambiri m'mudzi muja, ngakhale m'nyumba zopanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Ndikudziwanso kuti mbama ija sinali yanga. Amayi anali atamusambitsa mwanayo m'mawa umenewo, anali ataona kale kumene akulowera. Ine ndinangowaikira pakhoma chimene ankakana kuchiyang'ana m'nyumba.